Kodi "predatory journal" n'chiyani?

Amene anatchukitsa mawu akuti "predatory" pankhani yosindikiza kafukufuku ndi Jeffrey Beall, yemwe ankagwira ntchito mulaibulale ya yunivesite ya Colorado ku Denver, mu 2010. Mawuwa amanena chilombo chodya zinzake, ngati fisi wozemberera khola usiku. Apa chilombocho ndi magazini yonamizira kuti imasindikiza kafukufuku wodalirika.

Imatumiza imelo yodzaza ndi matamando kwa mphunzitsi wachinyamata, n'kumulonjeza kuti pepala lake lituluka m'masabata awiri. Akatumiza, imamulipiritsa madola ambirimbiri. Akatswiri oyenera kuunika ntchitoyo isanasindikizidwe palibe, ndipo nthawi zina maina a akonzi ake amangotoledwa pa intaneti eni ake osadziwa. Kulipiritsa pakokha si mlandu, poti magazini ambiri oona amalipiritsanso. Mlandu ndi bodzalo.

Beall anali ndi mndandanda wa magazini okayikitsa, koma unatsekedwa mu Januwale 2017. Lero laibulale ingathandize wofufuza kuona ngati magazini imene wasankha ilimo mu DOAJ, mndandanda wa magazini odalirika owerengedwa mwaulere pa intaneti, asanatumize pepala lake. Koma inu akuluakulu a mayunivesite, lekani kukweza anthu pantchito pongowerenga kuchuluka kwa mapepala. Yambani mwafunsa kumene anasindikizidwa.