Manambala 0 mpaka 7: mbiri ya madandaulo a makina

Kuchokera ku hotela ya Sunbird Capital ku Area 11 kukafika ku maofesi a boma ku Capital Hill, intaneti imadutsa m'marauta ndi maswitchi amene amalemba okha zimene zikuwachitikira. Mwambo umenewu ndi wakale kuposa intaneti ya kuno kwathu, imene inafika m'zaka za m'ma 1990. Njira imene makinawa amagwiritsa ntchito anaiyambitsa ndi Eric Allman ku Berkeley m'zaka za m'ma 1980, pofuna kuti pulogalamu yake yotumiza makalata, Sendmail, izisiya mbiri ya ntchito yake. Njirayo, yotchedwa syslog, inafalikira mwa kungotengerana, popanda lamulo, mpaka mu 2001 pamene inalembedwa m'chikalata cha RFC 3164. Muyezo wake weniweni, RFC 5424, unatuluka mu 2009.

Uthenga uliwonse umakhala ndi nambala, ndipo nambala ikachepa ndiye kuti zinthu zavuta. Pa 0, emergency, makina atheratu. Alert, critical ndi error zili pa 1, 2 ndi 3, warning ali pa 4, kenako notice pa 5, informational pa 6 ndi debug pa 7. Ena amangosunga 0 mpaka 4, zotsalazo n'kuziyesa phokoso. Apa ndi pamene amaphonya, chifukwa nambalayo anaiika ndi wolemba pulogalamu kutali, wosadziwa chimene chili chofunika mu ofesi yanu. RFC 5424 yomweyo imachenjeza kuti opanga makina sayeza kuopsa mofanana. Pa makina a Cisco, chingwe chikazuka pamabwera 3, kaya ndi cha printa kaya ndi faiba yonyamula banki yonse. Koma munthu akasintha dongosolo la rauta, kapena rauta ikazima n'kuyakanso, pamangobwera 5. Ku Lilongwe 5 ameneyu si wamasewera. Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januware 2022, kuthimathima kunatenga miyezi, ndipo rauta yosunga mbiri m'memore yake yokha imaiwala zonse magetsi akangopita.

Wina anganene kuti kusunga zonse kumadzaza disiki ndipo uthenga wofunika umamira pakati pa zopanda pake. Pa debug akunena zoona: amalemba mochuluka moti akhoza kulemetsa rauta, ndiye ngwoyatsa pofufuza vuto basi. Koma kusunga ndi kuliza belu ndi ntchito ziwiri zosiyana. Mauthenga onse kufika pa 6 angatumizidwe ku seva ina kudzera pa UDP 514, wotchi ya makina itakonzedwa ndi NTP, pomwe odzutsa munthu usiku n'kukhala a 0 mpaka 3 okha. Enanso amati njirayi yakalamba. Yakalambadi, koma Cisco, Juniper, Huawei ndi Linux onse amaimva, ndipo n'chifukwa chake sinathe. Inu oyang'anira netiweki, musataye 5 ndi 6.