Mmene yunivesite ya MIT inagawira maphunziro ake kwaulere, ndi milandu imene inabwera pambuyo

Aphunzitsi anzanga komanso inu ana a Folomu 4 amene mumawerenga tsamba lino, lero ndati tikambeko mbiri ya manotsi aulere amene timatenga pa intaneti. Ambiri timaganiza kuti chinthu chikakhala chaulere ndiye kuti chilibe mwini. Mbiriyi ikutiuza zina.

Mu April 2001, mkulu wa yunivesite ya MIT ku America, a Charles Vest, analengeza kuti sukuluyi iika manotsi, mafunso a mayeso ndi ndondomeko za maphunziro ake pa intaneti kuti aliyense awerenge osalipira. Ntchitoyi anaitcha OpenCourseWare. Anthu anadabwa, chifukwa nthawi imeneyo mayunivesite ambiri ankafunafuna njira zogulitsira maphunziro pa intaneti. Pofika 2003 panali makosi 500, ndipo mu 2007 anafika 1,800.

Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Funso loyamba linali lakuti, manotsi a pulofesa ndi a ndani, iye mwini kapena yunivesite imene imamulipira? MIT inasankha kuti umwini utsalire kwa mphunzitsi, ndipo palibe amene anakakamizidwa kupereka ntchito yake. Funso lachiwiri linavuta koposa. Mphunzitsi akamakonza manotsi amatenga chithunzi m'buku ili, mapu m'buku ilo. M'kalasi lamulo limamulola zina mwa izi, koma kuziika poyera kuti dziko lonse lione ndi nkhani ina. Choncho ogwira ntchito anayenera kufufuza chithunzi chilichonse, kupempha chilolezo kwa eni ake, kujambula china m'malo mwake, apo ayi kuchichotsa. N'chifukwa chake m'manotsi ena a MIT mumapeza malo opanda kanthu, atangolembapo kuti chithunzi chinachotsedwa kaamba ka lamulo la umwini.

Funso lachitatu linali la wowerenga: kodi akuloledwa kuchita chiyani ndi zimene wapezazo? Lamulo la umwini limati munthu akangolemba kanthu, ena sangakopere popanda chilolezo, ngakhale mwiniyo asanene chilichonse. Ku America zinthu zinali zitathina kwambiri, popeza mu 1998 nyumba ya malamulo inawonjezera zaka 20 pa nthawi ya umwini, kufika zaka 70 mlembi atamwalira. Pulofesa wa zamalamulo, a Lawrence Lessig, anatsutsa lamuloli kukhothi lalikulu pa mlandu wa Eldred, koma mu January 2003 anagonja, oweruza 7 kwa 2. Mwamwayi anali atakonza kale njira ina. Mu 2001 iwo ndi anzawo, kuphatikizapo a Hal Abelson a ku MIT komweko, anakhazikitsa bungwe la Creative Commons, limene linatulutsa malaisensi ake oyamba mu December 2002. Nzeru yake inali yosavuta: mwini amapereka chilolezo pasadakhale kwa anthu onse, koma amaikapo mfundo zake.

MIT inasankha laisensi ya mfundo zitatu. Tchulani mwini ntchito. Musachite nayo malonda. Mukasintha kapena kumasulira, gawaninso pa mfundo zomwezo. Mfundo yapakatiyo ndiyo yadzetsa mikangano kwa zaka zambiri. Malonda amayambira pati? Yunivesite yolipiritsa fizi ikugulitsa kodi? Nanga wamashini a fotokope amene amalandira ndalama pa tsamba lililonse?

Funso lomalizali linafika kukhothi. Mu 2016 bungwe la Great Minds, limene linalemba mabuku a masamu pa laisensi ya mtundu womwewu, linasumira kampani ya FedEx Office ponena kuti ikupindula pokopera mabukuwo m'malo mwa masukulu. Mu 2018 khothi la apilo linagamula kuti kampaniyo sinalakwe, chifukwa sukulu ili ndi chilolezo chokopera, ndipo itha kutuma wina kuti aigwirire ntchitoyo monga momwe ingatumire wantchito wake. Mu 2019 khothi lina linagamula chimodzimodzi pa mlandu wa Office Depot. Zigamulozi ndi za ku America, sizimanga makhothi a kwathu kuno, komabe zikuonetsa mmene oweruza anamvera mawu a laisensiyo.

Kuno ku Malawi tili ndi lamulo lathu la umwini la 2016, limene linalowa m'malo mwa la 1989, ndipo bungwe la COSOMA ndilo limayang'anira ufulu wa alembi ndi oimba. Laisensi ya Creative Commons siichotsa lamuloli, imaima pa lamulolo. Mukaphwanya mfundo zake, chilolezo chimatha, ndipo mumafanana ndi aliyense wokopera buku la mwini mwakuba.

Tsono inu amene mukupita ku yunivesite chaka chamawa, mukapeza manotsi abwino, yang'anani kaye pansi pa tsamba muone laisensi yake. Ndipo ife aphunzitsi amene timasonkhanitsa timabuku tokonzekera MSCE, tizilemba dzina la mwini ntchito pachikuto, ndipo tisagulitse zimene mwini wake anati zisagulitsidwe. Anatipatsa mwaufulu, koma anatipatsa ndi mawu.