Mpira wa ku Kasungu m'Chaka cha Mliri

Amene adakhalako ku zigwa za Kasungu akudziŵa kuti kumeneko ndalama ili ndi nyengo yake, monga mvula. Imafika pamene mabelo a fodya ayamba kuloŵa ku okushoni ya Chinkhoma, cha m'mwezi wa April, ndipo pofika nthaŵi yofesa nazale imakhala itayamba kale kuzimirira. Timu ya mpira ya m'ligi yaing'ono imapumira mpweya womwewo. Fodya akagulidwa bwino, anyamata amavala yunifomu yatsopano. Akabwezedwa, amaseŵera ndi nsapato zobwereka.

Mbiri yake njakale ndithu. M'zaka za m'ma 1970 dera limeneli lidadzala ndi maesiteti, ndipo mlimi wamng'ono sankaloledwa kulima fodya wa bale mpaka lamulo lidafeŵetsedwa m'chaka cha 1990. Kuyambira pamenepo ndalama idayamba kufika m'manja mwa alimi a zigafa zoŵerengeka ndi eni magolosale. Ambiri mwa amene amanyamula matimu athu ang'onoang'ono ndi anthu otere. Iwo ndiwo amalipira lole yopita ku Dowa kapena ku Mchinji, ndiwo amagula mipira, ndiwo amaphikitsa nsima anyamata akatuluka m'bwalo. Timu ya TN Stars idasonyeza kuti makwerero ameneŵa ngotheka, pamene idachoka m'ligi ya Chigawo cha Pakati ndi kuyamba kuseŵera mu Super League m'chaka cha 2018.

Tsono mliri wa Covid-19 udagwa pa nthaŵi yoŵaŵitsa. Pa 20 March 2020 Pulezidenti Peter Mutharika adalengeza kuti dziko lili pa ngozi, naletsa misonkhano ya anthu opitirira 100. Bungwe la FAM lidaimitsa maseŵero ligi isanayambe n'komwe. Pa 2 April odwala oyamba adapezeka m'dziko muno. Msika wa fodya udatsegulidwa mwezi womwewo, koma alimi sadaloledwe kukaonerera malonda awo monga mwa nthaŵi zonse. Motero zitsime ziŵiri zidaphwa pamodzi: khobidi la pachipata cha bwalo, ndi dzanja la wothandiza amene naye adali ndi nkhaŵa za pakhomo pake.

Super League idadzayamba mochedwa, m'mwezi wa November, ndipo idaimanso mu January 2021 pamene matendawo adabwerera mwaukali, natenga nduna ziŵiri za boma tsiku limodzi. Zoonadi, FIFA idapereka madola 1 miliyoni ku bungwe la mpira la dziko lililonse, ndi ena 500,000 a mpira wa amayi. Koma mvula yogwa kamodzi siikhwimitsa chimanga. Mnyamata wa m'ligi yaing'ono kaŵirikaŵiri alibe malipiro a pamwezi. Chimene amalandira ndi kangachepe ka tsiku la maseŵero. Bwalo likatsekedwa amabwerera ku ganyu yosoka fodya kapena ku kabaza, ndipo si onse amene amabwererako bwalo likatsegulidwa.

Kodi tiphunzirapo chiyani? Mliri sudalenge umphaŵi wa matimu ameneŵa, udangouvundukula. Timu yotsamira pa munthu mmodzi, amene naye watsamira pa mbeu imodzi, ili ngati chigafa cha mzati umodzi. Ngakhale TN Stars, imene idafika pamwamba, idatsika m'chaka cha 2022. Makolo athu adati mutu umodzi susenza denga.

Ife amene ana athu amathamanga m'mabwalo a fumbi ameneŵa tiyenera kudzifunsa. Timaimba ndi kuvina timu ikagoletsa, koma ndi angati mwa ife adasonkhako kanthu nthaŵi ya malonda, kuti kasungidwe kudikira chaka choipa? Mlimi wanzeru sadya mbeu yake yonse. Mudzi wofuna kuti anyamata ake akhale ndi kopita Loŵeruka masana uyeneranso kusunga nkhokwe ya timu yake, pakuti mliri wina ukadzabwera sudzayamba watumiza mthenga.