Mbalule

Mbalule ndi ng'oma yotsogolera pa Gule Wamkulu, mwambo umene UNESCO idauzindikira mu 2005. Pabwalo ku Msundwe, ng'oma za mpanje ndi gunda zimagwira mayimbidwe osasintha, pamene mbalule imalankhula ndi wovina. Chilombo chikapalasa fumbi, woyimba mbalule amayang'anitsitsa mapazi ake n'kuyankha phazi lililonse. Akaphonya, gule amatha kuima n'kumulozera mokwiya.

Gule asanayambe, anyamata amayatsa udzu n'kuwamba chikopa cha ng'oma kuti chikungike, ndipo pakati pake amamatapo phula kuti mawu alemere.

Oonerera ambiri maso amakhala pa chigoba. Katswiri weniweni ali cha kumbali, thukuta kamukamu, ng'oma ili pakati pa miyendo, amayi akuwomba m'manja pafupi naye.