Utoto pa marimu: mbiri ya luso lopenta magudumu pa msewu wodutsa ku Mpanshya

Mpanshya ili m'boma la Rufunsa, pafupifupi makilomita 200 kummawa kwa Lusaka, m'dziko la Asoli, ndipo ambiri amaidziwa chifukwa cha chipatala cha mishoni ya Akatolika cha St Luke's. Mbiri ya galimoto m'derali njolumikizana kwambiri ndi msewu wa Great East Road, umene umachokera ku Lusaka, kudutsa Chongwe ndi Rufunsa, kutsetsereka m'mapiri a Manenekera, kuwoloka Luangwa mpaka kukafika ku Chipata ndi kumalire a Malawi. Mlatho woyamba pa Luangwa unamangidwa mu 1932 ndi ndalama za Beit Trust, pamene Chipata inkatchedwa Fort Jameson, ndipo Lusaka itasanduka likulu la Northern Rhodesia mu 1935 malole a katundu ndi a makalata anayamba kuchuluka pa msewuwo. Zonse zimene anthu a kuderali anadziwa za galimoto, kuyambira kumata chubu mpaka kupopera utoto, zinafika kudzera pa msewu umenewu, kawirikawiri m'manja mwa madalaivala, othandizira awo ndi amakaniko amene anaphunzira ntchito ku Lusaka kapena ku migodi.

Gudumu la galimoto lili ndi mbali ziwiri, tayala la mphira ndi rimu, chimene ndi chitsulo chozungulira chimene tayala limavalapo. Kwa zaka zambiri marimu onse amene ankayenda pa msewuwu anali a chitsulo chopindidwa ndi kuwotcherera, ndipo chitsulo chotere chili ndi khalidwe limene linaumba maganizo a amisiri: chikagunda mwala chimapindika koma sichisweka msanga, kotero kuti munthu wa hamala ankatha kuchiwongola m'mbali mwa msewu galimoto nkupitiriza ulendo. Mdani wake wamkulu anali dzimbiri, ndipo mankhwala a dzimbiri anali utoto wamafuta wopaka ndi burashi, wakuda kapena wasiliva. Pa nthawiyo kupenta rimu kunali ntchito yoteteza chuma, yofanana ndi kupenta mafelemu a njinga kapena magudumu a ngolo, ndipo sikunkafuna luso lalikulu, pakuti ngakhale utoto wopakidwa mosasamala umagwira pa chitsulo ndipo kawirikawiri subisa vuto limene lingaphe munthu.

Njira zopopera utoto zinabadwira kutali. Ku America, Joseph Binks anapanga makina opopera utoto mu 1887, ndipo mu 1907 Thomas DeVilbiss anakonza mfuti yopopera ya m'manja, ndiko kuti chida chimene chimamwaza utoto ndi mphamvu ya mpweya wopanikizidwa. Kusintha kwakukulu kunadza pamene kampani ya DuPont inatulutsa utoto wouma msanga wotchedwa Duco, umene General Motors inaugwiritsa ntchito pa galimoto za Oakland za 1924, chifukwa ntchito imene kale inkatenga milungu ingapo inayamba kutha m'maola ochepa. Koma mfuti imafuna kompresa, ndipo kompresa imafuna magetsi kapena injini, zinthu zimene madera ngati Mpanshya analibe kwa nthawi yaitali. Chimene chinafikitsa luso lopopera kwa munthu wopanda galaja ndi kachitini ka utoto wopanikizidwa. Erik Rotheim wa ku Norway ndiye anayamba kulembetsa nzeru ya kachitini kotere chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, ndipo mu 1949 Edward Seymour wa ku Illinois anaikamo utoto, mtundu wake woyamba uli wa aluminiyamu, womwe mpaka lero ndi umene opopera marimu amaufuna kwambiri.

Dziko la Zambia litalandira ufulu mu 1964, msewu wa kummawa unapatsidwa phula, mlatho watsopano wa Luangwa unatsegulidwa mu 1968, ndipo boma linayesa kupanga galimoto zake: fakitale ya Livingstone Motor Assemblers inayamba kulumikiza galimoto za Fiat kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, pamene ku Ndola ankalumikiza Land Rover. Mavuto a zachuma amene anatsatira kugwa kwa mtengo wa mkuwa chapakati pa zaka za m'ma 1970 anachititsa kuti galimoto zatsopano ndi zipangizo zake zisowe, ndipo nthawi yovutayo ndiyo inakulitsa amisiri owongola mabodi ndi kupopera utoto, popeza galimoto imodzi inayenera kukonzedwa kambirimbiri mpaka kufika zaka zimene opanga ake sanaziganizire. Galimoto zakale monga Peugeot 504 ndi Land Rover, zimene kumaiko ena lero amazisunga ngati chuma cha mbiri, kuno zinkangokhala galimoto zantchito, zonyamula odwala, chimanga ndi anthu, ndipo pafupifupi zonse zinali pa marimu achitsulo.

Rimu ya aluminiyamu ili ndi mbiri yake. Bugatti anaika magudumu a aluminiyamu pa galimoto yake ya mpikisano ya Type 35 mu 1924, ndipo m'zaka za m'ma 1960 magudumu opepuka monga a Minilite ndi a Fuchs a pa Porsche 911 anatchuka pakati pa okonda liwiro. Ena mwa oyambirirawo anali a magnesium, nchifukwa chake kummwera kwa Africa marimu onse a mtunduwu amangotchedwa mamagi ngakhale ambiri ndi a aluminiyamu wosakaniza ndi silicon, wosungunulidwa ndi kuthiridwa m'chikombole. Ku Zambia anafika ochuluka pambuyo pa 1991, boma la Frederick Chiluba litatsegula malonda, pamene galimoto zogwiritsidwapo kale ntchito za ku Japan zinayamba kulowa kudzera ku Durban ndi ku Dar es Salaam. Kampani ya mabasi ya boma ya UBZ itatha mu 1995, minibasi ndi mataki a anthu wamba anadzaza misewu, ndipo lamulo limene kwa zaka zambiri linkafuna kuti galimoto zonyamula anthu zikhale zabuluu linapatsa opopera utoto ntchito yosatha. Toyota Corolla ndi Mark II zovala mamagi zinayamba kuoneka ngakhale m'misewu yafumbi yopatuka pa phula, imene opanga marimuwo sanaiganizire nkomwe.

Apa ndi pamene luso lakale linasiyana ndi chitsulo chatsopano, ndipo nkhani yake iyenera kufotokozedwa mofatsa. Aluminiyamu sachita dzimbiri lofiira, koma akangokhudzana ndi mpweya amapanga kachikopa kopyapyala kosaoneka kamene utoto wamba sugwirapo bwino, kotero kuti wopopera molunjika pa rimu yopalidwa amaona ntchito yake ikusupuka mvula ikangogwa kangapo. Mmisiri wodziwa amayamba ndi kutsuka fumbi la mabuleki ndi mafuta onse, kenako amapala ndi sandipepala kuchokera pa yokhakhala mpaka yosalala, nkupopera etch primer, umene ndi utoto woyamba wokhala ndi asidi pang'ono woluma aluminiyamu kuti zotsatira zigwire. Pambuyo pake amapopera mtundu wofunikawo mopyapyala kangapo, chitini chili pa mtunda wa pafupifupi chikhatho chotambasula, akudikira kuti utoto uliwonse uyambe kuuma, ndipo amamaliza ndi utoto woonekera wotchedwa clear coat umene umateteza zonse ku dzuwa ndi ku madzi. Pa malo amene manati amakhala komanso pa nkhope ya kumbuyo imene imagona pa habu sapopera utoto wokhuthala, chifukwa utoto ukaphwanyika pansi pa nati, natiyo imamasuka galimoto ili pa liwiro. Nyengo nayo imalamula: fumbi la mwezi wa Ogasiti limamatirira pa utoto wosauma, kutentha kwa Okutobala kumaumitsa utoto usanafike pa rimu, ndipo chinyezi cha dzinja chimauchititsa mbuu.

Chachikulu kuposa zonsezi nchakuti rimu ya aluminiyamu wothira m'chikombole siipindika mofatsa ngati yachitsulo. Ikagwera m'dzenje la pa phula imatha kung'aluka, nthawi zambiri m'mphepete mwa mkati momwe diso silifika, ndipo hamala imene inkapulumutsa rimu yachitsulo imangokulitsa mng'aluwo. Kuiwotcha ndi moto kuti iwongoke kumafooketsa mphamvu imene inapatsidwa ku fakitale. Chizolowezi chobadwira m'nthawi ya chitsulo, chowongola, kumata ndi kupenta, chikasamutsidwira pa mamagi chimabala rimu yonyezimira imene mkati mwake muli ngozi, ndipo pa msika wa marimu ogwiritsidwapo kale ntchito, monga wozungulira msika wa Soweto ku Lusaka, wogula sangathe kuona zimene zili pansi pa siliva watsopano. Pa mitsetse ndi makona a Manenekera, pamene mabasi, malole a makala ndi galimoto zazing'ono zimapatukirana, tayala lotaya mpweya mwadzidzidzi si nkhani yaing'ono, ndipo chipatala chimene ovulala pa chigawo chimenechi cha msewu amathamangitsidwirako ndi cha Mpanshya chomwecho.

Palinso mtengo umene mmisiri amalipira ndi thupi lake. Utoto wopopera uli ndi mankhwala osungunulira amene amapweteketsa mutu ndi kuwononga mapapo, ndipo utoto wa magawo awiri, wotchedwa 2K chifukwa umasakanizidwa ndi chouimitsira, uli ndi isocyanate, mankhwala odziwika kuti amayambitsa mphumu. Kansalu komanga pamphuno sikatchinga nthunzi zimenezi. Maphunziro a ntchito zamanja ku Zambia ali pansi pa TEVETA, bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo la 1998, ndipo kuyesa galimoto ngati ili yoyenera kuyenda ndi udindo wa RTSA, yobadwa ndi lamulo la pamsewu la 2002, koma achinyamata ambiri amaphunzira kupopera poyang'ana mkulu wawo pa ntchito, kutali ndi sukulu zimenezi, ndipo amalandira luso la dzanja popanda chidziwitso cha chitsulo ndi cha mankhwala.

Rufunsa inapatulidwa ku Chongwe nkukhala boma palokha mu 2012, ndipo maofesi, antchito aboma ndi amalonda amene anabwera nawo achulukitsa galimoto zazing'ono m'derali, pamodzi ndi ofuna kuzikongoletsa. Kupopera rimu pakhomo ndi ntchito yabwino ndi yotsika mtengo, yoyenera kulemekezedwa pamene zilonda za rimuyo zili zapamwamba pokha, monga zokalika ndi utoto wosupuka. Koma rimu iliyonse iyenera kuvulidwa tayala, kutsukidwa ndi kuyang'anidwa mbali zonse utoto usanaikhudze, ndipo imene yapezeka ndi mng'alu iyenera kuchotsedwa pa galimoto m'malo mopentedwa.