Pi (π)

Pi, yomwe imalembedwa ndi chilembo cha Chigiriki π, ndi nambala imene imapezeka pogawa mtunda wozungulira seko ndi dayamita yake. Dayamita ndi mzere wowongoka wochokera m'mphepete mwa seko kukafika tsidya lina kudzera pakati penipeni, ndipo theka lake limatchedwa rediyasi. Kaya seko ndi yaing'ono ngati ndalama yachitsulo kapena yaikulu ngati bwalo lamasewero, yankho limakhala limodzimodzi, pafupifupi 3.14159. M'sukulu ophunzira amagwiritsa ntchito 3.14 kapena 22/7, koma nambala ziwirizi zimangoyandikira pi yeniyeni.

Mtunda wozungulira seko

Mtundawu umapezeka pochulukitsa dayamita ndi pi, ndipo mwachidule zimalembedwa C = πd kapena C = 2πr. Mwachitsanzo, ngati gudumu la njinga lili ndi dayamita ya masentimita 70, mtunda wozungulira ndi 22/7 × 70, omwe ndi masentimita 220. Gudumulo likazungulira ka 100, njinga yayenda mamita 220.

Eriya

Eriya ndi kukula kwa malo a mkati mwa seko, ndipo imapezeka ndi A = πr². Mbuzi yomangidwa pachikhomo ndi chingwe cha mamita 7 ingathe kudya msipu pa malo okwana 22/7 × 7 × 7, omwe ndi masikweya mita 154. Chingwe chikakhala cha mamita 14, malowo amafika masikweya mita 616. Apa chingwe chawirikiza kawiri koma malo awirikiza kanayi, chifukwa rediyasi imachulukitsidwa ndi iyo yomwe.

Gwero la lamuloli limaoneka bwino podula seko yapepala m'tizidutswa tofanana kuchokera pakati, n'kutiyala moguniza, kena mutu m'mwamba kena mutu pansi. Tizidutswato timapanga chinthu chonga rekitango, chomwe m'litali mwake ndi theka la mtunda wozungulira, πr, ndipo m'lifupi mwake ndi r.

Ophunzira ambiri amalakwa mayeso posokoneza 2πr ndi πr², kapena poika dayamita pamene pakufunika rediyasi. Mtunda umayezedwa m'mamita kapena m'masentimita, pamene eriya imayezedwa m'masikweya mita kapena m'masikweya sentimita.

Mbiri

Anthu a ku Babulo ankagwiritsa ntchito 3.125. Ku Egypt, gumbwa la Rhind, lomwe Ahmes anakopera cha m'ma 1650 BC, lili ndi njira yopezera eriya yomwe imapereka pi ya pafupifupi 3.16. Archimedes wa ku Syracuse, yemwe anamwalira mu 212 BC, anajambula zithunzi za mbali 96 mkati ndi kunja kwa seko, n'kuonetsa kuti pi ili pakati pa 223/71 ndi 22/7. Ku China, Zu Chongzhi anapeza 355/113 m'zaka za m'ma 400, ndipo nambalayi imagwirizana ndi pi mpaka malo 6 a desimo.

William Jones wa ku Wales anagwiritsa ntchito chilembo cha π pa tanthauzoli mu 1706, ndipo chinafala kudzera m'zolemba za Leonhard Euler. M'zaka za m'ma 1760, Johann Heinrich Lambert anatsimikizira kuti pi singalembedwe ndendende ngati fulakishoni ya manambala awiri athunthu. N'chifukwa chake manambala ake a desimo satha ndiponso sabwerezabwereza mwa dongosolo.

Mu 2019 bungwe la UNESCO linakhazikitsa 14 Malichi kukhala tsiku lokumbukira masamu padziko lonse. Tsikuli linasankhidwa chifukwa likalembedwa poyamba mwezi kenako tsiku limakhala 3/14, mofanana ndi manambala oyambirira a pi.