Mpando wa Gaunt m'tsinde mwa phiri la Zomba

Tikamva kuti wakuti wasankhidwa kukhala mkulu wa maphunziro m'boma lakutilakuti, timayamba kufunsana: kodi wamuika ndani, nanga azimvera ndani? Ine ndimati mafunso amenewa adayambira ku Zomba kuno mu 1926, pamene boma la atsamunda lidatsegula Dipatimenti ya Maphunziro n'kuika mzungu wina, R.F. Gaunt, pa mpando wa Director of Education.

Taganizani, Nyasaland idakhala m'manja mwa Angerezi kuyambira 1891, koma kwa zaka 35 boma lidalibe ofesi yoona za sukulu. Msonkho wa nyumba ankatolera ndithu, osaphonya, koma sukulu adazisiyira amishoni: a Livingstonia, a Blantyre, a Dutch ku Nkhoma, a UMCA ndi Akatolika. Boma litayamba kuthandizapo, linkapereka mapaundi 1,000 pachaka oti amishoniwo agawane. Mapaundi 1,000 dziko lonse, abale!

Chidawadzidzimutsa akuluakulu a ku Zomba ndi gulu la Phelps-Stokes lomwe lidayendera dziko lino mu 1924, lotsogozedwa ndi Thomas Jesse Jones, momwe mudalinso Dr James Aggrey wa ku Gold Coast. Gululi lidaona kuti boma likungoonerera. Ndiye kubwera kwa Gaunt.

Koma mpando adaupeza uli ndi minga. Sukulu sizidali zake, aphunzitsi sadali ake, ndalama zidali zochepa. Mu 1927 kudachitika msonkhano waukulu wa maphunziro ku Zomba, ndipo chaka chomwecho padakhazikitsidwa lamulo lobweretsa bodi ya maphunziro ndi makomiti a sukulu m'maboma, komanso lofuna kuti sukulu ndi aphunzitsi azikhala ovomerezeka ndi boma. Amishoni ambiri adakwiya. Kwa iwo kasukulu ka kumudzi kadalinso tchalitchi, ndipo mphunzitsi adalinso mlaliki. Nanga munthu wa boma angawauze bwanji pomanga sukulu, iwo atayamba ntchitoyi iye asadabwere? Pamenepa ine sindiikira kumbuyo mbali imodzi. Amishoni ndiwo adakhetsa thukuta, inde, koma timasukulu tambiri tinkangophunzitsa kuwerenga pang'ono ndi katekisimu basi, ndipo Gaunt sadaname pofuna kuti mwana apeze zoposa pamenepo.

Sadakhalitse pampandopo. Mu 1930 udapita kwa A.T. Lacey, ndipo lamulo la 1927 lidalowedwa m'malo ndi lina lofewerapo, bodi ija n'kusanduka komiti yongolangiza. Amishoni adapambana. Chooneka ndi maso chomwe chidatsala pa zaka zimenezo ndi Jeanes Training Centre ku Domasi, komwe aphunzitsi ankapita ndi akazi awo kukaphunzira zaumoyo, ulimi ndi kayendetsedwe ka sukulu za kumudzi.

Nanga eni ana? Pa kusankha Gaunt kapena Lacey palibe kholo lachikuda lidafunsidwa. Levi Mumba, amene ankatsogolera mabungwe a anthu akumpoto ali ku Zomba konkuno, adalowa m'komiti yolangiza ija m'zaka za m'ma 1930, woyamba mwa Amalawi, ndipo iye ndi anzake ankalirira sukulu za sekondale. Adadikira ndithu: Blantyre Secondary idatsegulidwa mu 1940, Zomba Catholic mu 1942, pamene sekondale ya boma lenilenilo idabwera mu 1951, ku Dedza.